Kwa achimwene osema ziboliboli ku Chembe, za residency ija

Achimwene, ndawerenga funso lanu lija loti mwaona yunivesite ina yakunja ikuitana aluso kuti akakhale kumeneko miyezi itatu, ndiye mukukayika ngati munthu wopanda digiri, amene wangokulira pa sompho ku Chembe, angayese nawo. Yesani. Ine ndinapitako ulendo umodzi ndi zojambula zanga ndipo palibe anandifunsa pepala la sukulu, anthu aja amafuna aone ntchito ya manja anu basi.

Koma mumvetse kaye chimene mukupitira. Residency si sukulu, simukabwerako ndi satifiketi, komanso si ntchito yoti muzikalandira salale. Amakupatsani malo ogona ndi chipinda chogwiriramo ntchito, inu mumasema zanu ana asukulu akuonerera ndi kufunsa mafunso, mwina kamodzi pa sabata mulowe m'kalasi mufotokoze, kumapeto muonetse zimene mwapanga. Ndiye kuti mukupita ngati mphunzitsi. Ine tsiku loyamba mtsikana wina anandifunsa chifukwa chake ngalawa zanga ndimazijambula zopanda munthu mkati, ndinaima phee kaye, kenako ndinayamba kuwauza za m'mawa ku Makawa asodzi atatsika kale, usipa uli pa thandala, ngalawa zili ndandanda pamchenga, ndipo ola lonse linathera pomwepo. Inunso muyambiretu kuyeseza kunena chifukwa chimene mumasemera mvuu choncho, munaphunzira kwa ndani, mtengo mumausankha bwanji. Chizungu chothyokathyoka sichivuta, amamva ndithu.

Tsopano pa ndalama ndi pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Muwalembere imelo muwafunse mosapsatira kuti tikiti ya ndege alipira ndani, viza alipira ndani, inshuwalansi ya chipatala nanga, ndipo ndalama yodyera azikupatsani liti. Mawu oti liti amenewo musawaiwale. Kumene ndinapita ine ndalama inalipo ndithu koma inatuluka patatha masabata atatu chifukwa cha mapepala a ku ofesi kwawo, ndinakhalira buledi ndi tiyi kudziko kwa eni kozizira, kunyumba akuyembekezanso kuti nditumiza kangachepe. Ena amati mugule kaye tikiti tidzakubwezerani, kwa ife kuno ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu zimenezo nzolemera, auzeni agule okha. Ndipo wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti akusungireni malo, ameneyo ndi wakuba, zonse zizidutsa pa imelo ya yunivesiteyo.

Funsaninso kuti zimene mukaseme kumeneko zidzakhala za ndani. Malo ena amatenga chimodzi nkusunga, zina mumabwera nazo kapena kugulitsa, koma zilembedwe musananyamuke.

Nkhani ya mtengo. Musanyamule zipika za phingo, mtengo umenewu uli pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza mitengo ndi nyama pa malonda, kuyambira 2017 ndipo kuwoloka nawo malire kumafuna chilolezo, angakulandeni pa eyapoti nkukuchedwetsani zosaneneka. Apempheni akupezereni mtengo wakomweko, ndipo mupemphe wolimba chifukwa mkono wanu unazolowera phingo. Sompho ndi matchizulo anu tengani, zakwawo sizikakukhalani m'manja, koma ziikeni m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege osati cha m'manja.

Chimene chimagwetsa anzathu ambiri ndi zithunzi. Ntchito yabwino koma aijambula pamchenga dzuwa lili pamutu, kumbuyo kukuoneka matebulo a anzawo ndi miyendo ya alendo. Pezani nsalu yoyera kapena yotuwa, muiyale pamthunzi cha m'mawa, chiboliboli chimodzi pa chithunzi chimodzi, kutsogolo ndi m'mbali, foni yabwino ikukwana. Sankhani khumi zokha ndipo ndikupempheni, musatumize njovu ndi mipando ya mfumu zimene aliyense akugulitsa kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Nkopola. Tumizani zija mumasema mukakhala mulibe kasitomala m'mutu, ngati ovina beni aja munaikapo mu gulu muno mwezi watha, amene aja ndi anu enieni.

Chinanso, musaderere zapafupi. Ku Zomba ku UNIMA, komwe ambiri timangoti ku Chanco, amaphunzitsa zojambula, zisudzo ndi nyimbo, ndipo kuchoka pa Boma la Mangochi pano kudzera ku Liwonde mumafika tsiku lomwelo. Ku MUST ku Thyolo kuli Bingu School of Culture and Heritage. Ku Mua, Kungoni yakhala ikuphunzitsa osema kuyambira 1976, si yunivesite koma dzina lake limamveka kutali. Pitani ndi ziboliboli ziwiri zitatu, mudzionetse kwa aphunzitsi, mupemphe tsiku limodzi losema pamaso pa ophunzira awo. Akunja aja nthawi zambiri amafuna kalata ya munthu wokudziwani, ndipo yochokera kwa mphunzitsi amene anakuonani mukugwira ntchito imalemera.

Pasipoti yambani kuithamangira pompano musadikire yankho. Mukalemba kalata yanu yofotokoza zimene mukufuna kukasema nditumizireni ku inbox ndikuwerengereni, Loweruka ndimakhala pa Boma, zithunzinso tikhoza kujambulira limodzi.