Oyilo pa turbo: musathamangire kugula ina

Bambo wina wa ku Katoto wanditumizira imelo. Akuti Hilux yawo ya dizilo yanyowa oyilo mozungulira turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), m'payipi yopita ku intercooler (choziziritsa mpweyawo) mulinso oyilo, ndipo makaniko wawauza kuti agule turbo ina. Akufunsa ngati palibe njira ina.

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Zimandiwawa kuona munthu atagula turbo yodula, pakangotha mwezi nayonso n'kuyamba kuchucha, chifukwa vuto linali pena.

Yambani mwatsuka injini, iume, muyende pang'ono, kenako muunike ndi tochi kuchokera pamwamba. Oyilo amatsika, choncho gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu ikamadontha, turbo imanyowa ilibe mlandu. Onaninso kapayipi kolowetsa oyilo pamwamba pa turbo, makamaka pa bawuti yake.

Oyilo wochepa m'payipi ya intercooler asakuopseni, amabwera ndi mpweya wa breather, kapayipi kotulutsa mpweya wa mkati mwa injini. Akamachita kukhuthuka, ndiye pali nkhani.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mkati mwa turbo mulibe labala wotseka oyilo. Muli timphete tachitsulo, ndipo oyilo amabwerera yekha ku sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, kudzera m'payipi yapansi. Payipi imeneyi ikatsekeka ndi zinyalala kapena ikapindika, oyilo amasowa kolowera n'kudutsa pa timphete tija. Zimateronso breather ikatsekeka, injini yotha ikamapuma kwambiri, kapena mukathira oyilo kupitirira mzere wa pa choyezera oyilo. Ndiye pali fyuluta ya mpweya. Ndi fumbi la mu Okutobala kuno, imatsekeka msanga, turbo n'kumakoka oyilo posowa mpweya. Itsegulenidi muione, n'njotchipa.

Zonsezi zikakhala bwino, zimitsani injini, izizire, chotsani payipi ya mpweya, mugwedeze shafiti ya turbo ndi zala. Kugwedera pang'ono m'mbali n'kwachibadwa. Ikamalowa n'kutuluka, kapena mapiko ake akamakhula khoma la turbo, apo turbo yathadi, makamaka ngati ikulira modabwitsa ndipo ekizozi ikutulutsa utsi wabuluu. Zikafika apo musayende nayo, chifukwa injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wakeyo n'kuthamanga yokha, osazima ngakhale mutachotsa kiyi.

Mukasintha turbo, uzani makaniko atsuke intercooler, asinthenso oyilo ndi fyuluta yake. Ndipo mukakwera mtunda wa Chiweta kapena wochokera ku Nkhata Bay, musazimitse injini pompo. Ilire mphindi ziwiri, popeza shafiti ija imazungulira kuposa ka 100,000 pa mphindi, ndipo ikasiyidwa yotentha oyilo amapserera mkati n'kutseka njira zake.