Kanyali ka lamba kayaka, mwana akuti "ndikufuna kuchimbudzi"

Inu amene mwangokhazikika kumene kuno ku UK ndipo mukukonzekera kukatenga ana kumudzi, za visa ndi matikiti mwamva kale kwa anthu ambiri. Nkhani imene sakuuzani ndi ya chimbudzi. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chileka kulibe ndege yofika ku London mosaima. Mumasinthira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndiye kuti munyamuka kawiri, mutera kawiri, mwinanso kuposa apo. Nthawi zonsezi kanyali ka lamba, kouza okwera kuti akhale pansi atamanga lamba wa pampando, kamakhala koyaka, ndipo mkodzo wa mwana wa zaka zitatu sudziwa za kanyali.

Pa basi ya ku Mzuzu mumangofuula kuti, "Adalaivala, taimani pang'ono, mwana ataye madzi," anthu n'kuseka, basi n'kuima. M'ndege musayembekezere zimenezo. Ndege ikamayenda pansi kupita ponyamukira, munthu akaimirira, ogwira ntchito amadziwitsa woyendetsa, ndipo iye atha kuimitsa ndege mpaka munthuyo atakhala. Ponyamuka ndi potera zimbudzi nthawi zambiri amazikhoma ndithu. Malamulo a dziko lino amati wokwera azimvera zimene woyendetsa ndege walamula, ndipo kanyali kaja ndi lamulo lake. Mayi wogwira ntchito m'ndege amene akukuuzani kuti mukhale pansiyo sangasinthe kanthu, kaya mumuchonderere, kaya mumukalipire. Musafulumirenso kuganiza kuti akukusalani chifukwa cha khungu. Mzungu wapampando wapafupi amuuzanso chimodzimodzi.

Ena amati n'kukhwimitsa zinthu chabe. Mu May 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inakumana ndi mphepo yoipa pamwamba pa Myanmar. Amene sanamange lamba anaponyedwa m'mwamba mpaka kumenyetsa mitu kudenga, ambiri anavulala, bambo mmodzi wa zaka 73 anamwalira, ndege n'kukatera ku Bangkok. M'chimbudzi mulibe lamba, muli makona olimba okhaokha, ndipo mwana ndi wopepuka. Ine ndingalole kabudula anyowe.

Komabe zoona n'zakuti nthawi zina kanyali kamakhala koyaka nthawi yaitali ndege ili phee m'mwamba. Zikatero dinani batani loitanira ogwira ntchito m'ndege, mufotokoze mwaulemu kuti mwana wathinidwa. Kawirikawiri sakuuzani kuti "pitani", chifukwa saloledwa. Angokukumbutsani kuti kanyali kadakayaka, kapena akufunsirani kutsogolo kuti kazima liti. Koma mukaona iwonso akhala pamipando yawo atamanga malamba, musasunthe. Pamenepo zinthu zavuta.

Ntchito yeniyeni ndiye ili pa kutchera nthawi. Mwana musamufunse kuti "ukufuna kukodza?" Ayankha kuti ayi, maso ali pa katuni. Mugwireni dzanja mupite naye. Pitani muli pachipata chokwerera ndege, musanakwere. Amayamba kuitana a ana aang'ono kuti akwere, zimene zimathandiza pa katundu, koma zikutanthauzanso kuti mwana akhala pampando nthawi yaitali kuposa wina aliyense. Choncho mukalowa, zitseko za ndege zisanatsekedwe, mupite nayenso. Kuyambira potseka zitseko mpaka kanyali kuzima patha kudutsa theka la ola kapena kuposerapo.

M'mwamba samalani ndi kangolo ka chakudya. Kakalowa m'kanjira kamatseka njira, ndipo anthu akangomaliza kudya mzere wa kuchimbudzi umatalika. Pitani mukangomva fungo la chakudya chikutenthetsedwa. Koma nthawi yoopsa kwambiri ndi yotsika. Ndege imayamba kutsika pafupifupi mphindi 30 isanatere, ndipo woyendetsa amalengeza. Mukamva mawu amenewo, ngakhale mwana ali m'tulo tofa nato, mudzutseni. Alira, inde, koma ku Heathrow, bwalo la ndege la ku London, ndege zimatha kuzungulira m'mwamba kudikira mpata wotera, kenako n'kuyendanso pansi mtunda ndithu kukafika poima.

Pali kamsampha kena. Potsika makutu a ana amapweteka, ndipo mankhwala ake ndi kumeza, choncho makolo amapereka juwisi botolo lonse. Mwachiza makutu, mwadzaza chikhodzodzo. Wakhanda muyamwitseni, wamkuluko mumpatse switi yoyamwa kapena madzi pang'onopang'ono. Kumumana madzi ulendo wonse ayi, mpweya wa m'ndege ndi wouma.

Mwana amene wasiya kumene matewera muvekeni pampasi ya kabudula ija tsiku limeneli. Ena amakana, amati ndine wamkulu. Muuzeni kuti ndi kabudula wa m'ndege, ovala ndi okwera ndege okha. M'chikwama cha m'manja, chimene chili pansi pa mpando osati m'kabati ya pamwamba, muikemo zovala zake zosinthira, malaya anu amodzi, majumbo awiri, ndi chitenje choyala pampando. Wosakwana zaka ziwiri amakhala pamiyendo panu ndi kalamba kake kolumikiza ku lamba wanu, ndiye zikachitika zichitikira pa inu. Thewera sinthirani m'chimbudzi, muli kathebulo kopinda pakhoma, osati pa thebulo lodyera. Ndipo musanatsitse madzi mutulutseni kaye mwana, chifukwa chimbudzi cha m'ndege chimakoka ndi phokoso loopsa, moti ana ena akamva kamodzi amakana kubwereranso ulendo wonse.

Zikakanika, mwana wadzikodzera, musabise. Uzani ogwira ntchito kanyali kakazima, akupatsani zopukutira, zimenezi anaziona kambirimbiri. Dzanja lanunso ligwireni. Kumenya mwana ku Scotland kunaletsedwa mu 2020, ku Wales mu 2022, ndipo ngakhale ku England anthu sangoyang'ana mukamumenya pagulu. Mukatsika, lowani chimbudzi choyamba chimene muchione musanaime pamzere wa mapasipoti, chifukwa mzere umenewo utha kudya ola lathunthu.