Funsani Dokotala: Chinangwa chinapsa, nanga mwana anasanziranji?

Adokotala, sabata yatha ndinagula chinangwa pamsika n'kuphika kuti ana amwere tiyi. Chinkawawa pang'ono, koma tinadyabe poti ndalama zinali zitapita kale. Masana mwana wanga wa zaka zinayi anayamba kusanza ndi kumva chizungulire, ndipo anapeza bwino madzulo. Ndinalakwitsa pati, popeza chinapsa bwinobwino?
Mayi wa ku Lilongwe

Pepani mayi ndi zomwe zinamuchitikira mwanayo. Sindinamuone, koma mmene mwafotokozeramu, ndikukayikira kuwawako. Lilime linakuchenjezani.

Chinangwa chilichonse chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin, amene amatulutsa poizoni wa cyanide. M'mitundu yozuna monga Manyokola, amene ena amati Mbundumali, poizoniyu ndi wochepa ndipo wambiri amakhala m'khungu. Mukachisenda bwino, kuchiduladula tizidutswa, kuchiphika m'madzi ambiri mphika uli wosavundikira, n'kutaya madziwo, mutha kudya mtima uli m'malo.

Chowawa, monga Gomani, sichitero. Poizoni wake ndi wochuluka ndipo ali ponseponse m'kati mwake, moti moto wokha sumutha ngakhale chitafewa ngati mbatata. Amayi a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amazidziwa izi kuyambira kale. Amachisenda, amachiviika m'madzi masiku atatu mpaka asanu kuti chifewe, kenako amachiyanika padzuwa chiume gwa asanasinje ufa wa kondowole. Masiku oviikawo ndi amene amachotsa poizoni, ndipo ine sindilola kuti munthu awadule chifukwa chofulumira.

Ndikunena motsindika chifukwa cha zomwe zinachitika m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981. Kunagwa chilala, anthu anatsala ndi chinangwa chowawa chokha, ndipo njala sinawalole kuchikonza mokwanira. Anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo munthu akalumala nawo sachira. Dziwaninso kuti chaka cha ng'amba chinangwa chimachulukitsa poizoni, choncho ngakhale mtundu womwe munauzolowera ukhoza kuwawa.

Mwina mukudabwa kuti inu simunadwale pomwe munadyera mbale imodzi. Thupi la mwana ndi laling'ono, poizoni wochepa amamukwanira. Komanso thupi limachotsa cyanide pogwiritsa ntchito zakudya zomanga thupi, ndiye mwana amene wadya chinangwa ndi tiyi basi alibe chomuteteza. Muzimupatsako dzira, usipa, nyemba kapena mtedza. Pakhomo pamene chinangwa chimadyedwa tsiku ndi tsiku pasasowe mchere wa ayodini, chifukwa poizoni yemweyu amakulitsa vuto la chithokomiro. Chigwada nachonso chisinjidwe ndi kuwira mokwanira.

Pogula, benthulani kachidutswa mulawe n'kulavula. Chikawawa chisiyeni, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo. Chachiwisi chomwe timatafuna m'misewu ana aang'ono musawapatse.

Tsiku lina mwana akadzasanza, kumva mutu kapena chizungulire, kufooka, kapena kupuma mwabefu patangopita maola ochepa atadya chinangwa, musadzadikire madzulo ngati ulendo uno. Thamangirani naye kuchipatala, mukawauze zomwe wadya, ndipo onse amene anadya nawo apite limodzi.