Bambo anali mlimi, mbiri yawo ndiilembe bwanji?

Mayi wina wa ku Tsangano wanditumizira imelo. Bambo ake anatisiya chaka chatha, abale akumanga chiliza, ndipo amusankha iye kuti adzawerenge mbiri. Akuti: "Sanapite kusukulu, sanalembedwepo ntchito, moyo wawo wonse unali kumunda. Ndikanene chiyani?"

Achemwali, mwanditosa pachilonda. Mbiri zomwe timawerenga pamaliro kuno kwathu zimakomera aphunzitsi ndi a m'boma: anaphunzira kwakuti, anagwira kwakuti, anapuma chaka chakuti. Akamwalira mlimi, wowerenga amangotchula ana ndi zidzukulu, akwaya n'kuyamba nyimbo. Pamaliro a bambo anga ku Domwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, zinatero, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa ku Angonia m'zaka za m'ma 1980, bambo anatitenga usiku kuthawira ku Dedza, ng'ombe zonse n'kutsala m'khola. Kumeneko ankalima maganyu m'minda ya eni, munthu amene kwawo anali ndi nkhokwe zake. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 sanachedwe. Anatsogola okha kudzera pa chipata cha m'malire cha Calomue kukaona ngati kuli kobwerera. Anapeza munda uli thengo, anthu akuopa mabomba okwiriridwa m'tinjira. Anayamba ndi khasu lobwereka.

Chimanga ndi nyemba kumtunda, mvula ikatha kachewere kudimba. Mukudziwa kuzizira kwa Juni kuno. Iwo tambala woyamba ali kale ndi khasu paphewa, zidendene zong'aluka mpaka mayi kumazipaka mafuta usiku. Akabwera kumsika wa ku Ulongwe, ndalama ankayala pamphasa, mayi ali pomwepo: iyi ya feteleza, iyi ya yunifolomu, iyi ya mwana wa malemu mlongo wawo amene ankakula nafe. Yawo sinkaoneka. Jekete limodzi lomwelo, kutchalitchi, kumaliro, kuukwati.

Ndiye wina adzandiuze kuti munthu wotereyu sanagwirepo ntchito? Tchipisi cha mumzinda wa Tete anthu amadya osafunsa kuti mbatatayo inakumbidwa ndi ndani. Mavenda amafika ndi malole, mtengo n'kutchula okha, mlimi n'kuvomera poti kachewere sasungika. Izi zimandikwiyitsa. Zimandikwiyitsanso ife ana a mutauni, amene timathamangira chiliza cha matayilosi chonyezimira pamene mwiniwake ali moyo sitinamugulire ngakhale nsapato za jombo. Sindikunena inu, achemwali, koma chizolowezichi chakula, ndipo ena amachita mpikisano ndi banja loyandikana nalo manda. Ndalama imeneyo bwenzi itagula mbewu ya mayi amene atsala ndi munda uja.

Tsono mukanene chiyani

Musayambe ndi cholembera. Khalani ndi mayi madzulo, foni ikujambula mawu, muwafunse za chilala cha 1992, za ng'ombe yoyamba, za ana a eni amene anadya m'nyumbamo. Kenako pitani kwa amene ankalima nawo malire, iwowo ndiwo amadziwa ngati malemu ankabwereketsa ngolo. Potchula munda, muutchule ndi dzina lake ngati momwe ena amatchulira ofesi. Isapitirire mphindi zisanu, ndipo amalume ayambe aimva tsikulo lisanafike, kuopa kukutsutsani pagulu.