Chinsinsi cha Khabib chinali pa kukaniza munthu kudzuka

Owerenga ena atilembera kuti: "Anzanga amati Khabib Nurmagomedov ankangogwetsa munthu n'kumugonera mpaka nthawi ithe. Ngati zinali zophweka choncho, bwanji palibe anamugonjetsa?"

Achimwene, anzanuwo aona theka la nkhani. Khabib anabadwa mu 1988 ku Dagestan, m'dziko la Russia, ndipo bambo ake, Abdulmanap, anamuphunzitsa kulimbana kuyambira ali mwana, kenako sambo, masewera olimbana a ku Russia. Analowa mu UFC, bungwe la masewera omenyana m'khola la waya momwe amaloleza zibakera, mateche ndi kulimbana, mu 2012, anatenga lamba wa gulu la makilogalamu 70 mu 2018 atagonjetsa Al Iaquinta, n'kupuma mu 2020 atamenya nkhondo 29 osagonjapo.

Kugwetsa ambiri amatha. Luso lake linkayamba munthu akakhala pansi.

Ankayamba ndi kumupanikiza mnzakeyo, kumuponyera zibakera zomubweza m'mbuyo mpaka msana ugunde waya wa khola. Pamenepo munthu alibe kothawira, sangaponyenso miyendo m'mbuyo kuti akane kugwa. Khabib ankagwira mwendo umodzi, ukakana n'kusamukira ku miyendo yonse iwiri, zikavutanso n'kulumikiza manja kuseri kwa chiuno ndi kumupinga. Sankasiya kuti ayambirenso. Mu 2013 anagwetsa Abel Trujillo ka 21 m'maraundi atatu okha.

Tsopano taonani zomwe zinkachitika pansi. Munthu wofuna kudzuka amafunika zinthu ziwiri: dzanja lotsamira pansi, ndi phazi lopondera. Khabib ankalanda zonse. Miyendo ya mnzakeyo ankaisonkhanitsa pamodzi cha m'maondo n'kuikulunga ndi yake, phazi lake limodzi litakola kuseri kwa bondo linalo. Mnzakeyo akatsamiza dzanja pansi kuti anyamuke, Khabib ankapititsa mkono wake kuseri kwa msana, n'kugwira dzanjalo pamfundo ndi kulikokera mkati. Munthu amagwera cham'mbali, dzanja limodzi lili lomangika, lotchingira nkhope latsala limodzi, pomwe Khabib ali ndi dzanja laufulu lomenyera. Akapulumutsa dzanjalo n'kufika pogwada, Khabib ali kale kumsana, akumubwezera pansi.

Raundi imodzi ndi mphindi 5. Kunyamula thupi la munthu wina mphindi zonsezo kumatha mphamvu m'mikono kuposa kumenya. Ikamafika raundi yachitatu, mikono yalemera, munthu akupuma wefuwefu, ndipo ndi pomwe amapereka khosi kuti Khabib alikole. Conor McGregor anagonja mu raundi yachinayi mu 2018, Dustin Poirier mu yachitatu mu 2019. Justin Gaethje sanafike n'komwe kumeneko, anakanyangidwa ndi miyendo mu raundi yachiwiri mu 2020.

Anali ndi pofooka, tisabise. Nkhonya zake sizinali zosalala, ndipo nthawi zina ankabwerera m'mbuyo chibwano chili m'mwamba. Gleison Tibau, mu 2012, anakana kugwa nkhondo yonse, moti mpaka lero ena amatsutsa chigamulo cha oweruza chopatsa Khabib chipambano. Poirier naye anamukola khosi mwamphamvu pamene Khabib ankalowera ku miyendo, koma iye anadekha mpaka mutu unatuluka. Thupi linkamuvutanso. Kuvulala, makamaka kwa bondo, kunamukhazika pansi zaka ziwiri kuchokera mu 2014, ndipo mu 2017 anathamangira naye kuchipatala akuchepetsa thupi, nkhondo yake ndi Tony Ferguson n'kulephereka.

Ngati mukuphunzira masewerawa ndipo mukufuna kutengera njira yake, samalani polowera. Ambiri amadumphira miyendo ali patali, mutu utawerama, ndipo amakumana ndi bondo kapena kukoledwa khosi. Yambani mwaponya chibakera kuti manja a mnzanu akwere, pindani maondo osati msana, mutu uugunditse pachifuwa pake kapena m'nthiti. Mukamugwetsa musathamangire kumenya. Mangani miyendo kaye, dikirani dzanja litsamire pansi, kenako ligwireni. Womenya asanamange amasiya mpata pachiuno, ndipo mnzake amadzukira pomwepo.