Mukalandira unzika wa Mozambique, musayambire pa pasipoti

Bambo, mwalemba kuti munabadwira ku Dedza, mwakhala ku Ulongué zaka zoposa 10 ndi chiphaso cha alendo cha DIRE, tsopano boma lakupatsani unzika wa Mozambique, ndipo mukufunsa kumene mungayambire kusintha mapepala anu. Langizo langa ndi lakuti pasipoti muyambe mwaiiwala, ngakhale kuti ndiyo imene ambiri amaithamangira. Mapepala a m'dziko muno amadalirana, ndipo ofesi iliyonse imakopera zimene inalemba ofesi yoyamba, zolondola ndi zolakwika zomwe.

Dzina lanu likatuluka mu Boletim da República, gazeti ya boma, ndiye kuti boma lavomereza pempho lanu, koma kalaliki wa ku banki kapena wa ku ofesi ya ziphaso sangakuthandizeni ndi tsamba limenelo lokha. Unzikawo umayenera kulembedwa ku Conservatória dos Registos Centrais, ofesi yaikulu ya kaundula ku Maputo, ndipo kalata yochokera kumeneko, imene timaitcha certidão, ndiyo mudzaonetse paliponse. Kafunseni ku Conservatória ya ku Angónia kapena ya mu mzinda wa Tete kuti akuuzeni njira yoipezera. Ikafika m'manja mwanu, kajambulitseni makope angapo ndipo muwadinditse kwa notário, wotsimikizira mapepala mwalamulo, kuti yeniyeniyo izikhala kunyumba.

Musanachoke pa tebulo la kalaliki, werengani certidão imeneyo chilembo ndi chilembo, chifukwa apa ndi pamene anthu ochokera ku Malawi amapunthwa kwambiri. Kalembedwe ka Chipwitikizi sikagwirizana ndi ka kwathu: Mwale amasanduka Muale, Chimwemwe amasanduka Chimuemue, ndipo Phiri amataya chilembo chake chachiwiri. Ku Malawi munthu amatha kulembetsa dzina loyamba ndi la mfunda basi, pamene kuno ambiri amaika dzina la bambo pakati, motero munthu mmodzi amapezeka ali ndi mayina awiri pa pepala lina ndi atatu pa linzake. Chiphaso cha nzika za Mozambique, chotchedwa BI, chimalembanso mayina a bambo ndi mayi anu pamodzi ndi malo amene munabadwira, choncho zimenezinso ziyenera kufanana ndi zimene zili pa kalata yanu ya kubadwa. Tsiku lobadwa nalo muliyang'anitsitse, makamaka ngati makolo anu anangolingalira chaka pokulembetsani sukulu. Kwa ine zilibe kanthu kuti mwasankha Mwale kapena Muale. Chofunika ndi chakuti kalembedwe kamodzi komweko kapezeke pa mapepala onse. Kukonza cholakwa BI isanatuluke ndi nkhani ya kubwerera ku Conservatória, koma kuchikonza chitafalikira ku banki, kuntchito ndi pa mapepala a ana ndi ntchito yotha miyezi ndi ndalama. Mapepala alionse a Chingerezi ochokera ku Malawi, monga kalata ya ukwati, amafuna womasulira wolumbiritsidwa kuti awaike m'Chipwitikizi.

Certidão ikakhala yolondola, pitani ku ofesi ya Identificação Civil kukapempha BI. Adzakujambulani ndi kutenga zidindo za zala zanu, kenako adzakupatsani kapepala ka umboni kotchedwa talão koti muzisunga podikira chiphasocho. Musapereke ndalama kwa munthu wa panja amene akulonjeza kuti achifulumizitsa, ndipo chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi lisiti.

BI ikatuluka, ndiyo nthawi yopita ku SENAMI, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, kumene mukawadziwitse kuti simulinso mlendo ndi kupempha pasipoti ya Mozambique. Musanasiyane ndi DIRE, ijambulitseni mbali zonse ziwiri ndi kudinditsa kopeyo, popeza nambala yake ndi imene yamanga pamodzi zaka zonse zimene mwakhala kuno. Akaunti ya ku banki, mgwirizano wa ntchito ndi nambala ya foni zinalembetsedwa pa DIRE, ndipo tsiku lina wina adzafuna umboni wakuti mwini DIRE ndi mwini BI ndi munthu mmodzi.

Nambala ya msonkho ya NUIT musapemphe ina. Munthu amakhala ndi imodzi yokha, ndipo chimene mukachite ku Autoridade Tributária, ofesi ya misonkho, ndi kusinthitsa unzika ndi nambala ya chiphaso. Ku INSS, bungwe losunga ndalama za penshoni ya ogwira ntchito, ndiye muchenjere koposa. Mwezi uliwonse kumapita 7 peresenti ya malipiro anu, 3 yochokera kwa inu ndi 4 yochokera kwa abwana, ndipo penshoni ya mwamuna wofika zaka 60 imawerengedwa potengera miyezi imene anasonkha. Mukalola kuti akutsegulireni nambala yatsopano pa BI, zaka zimene munasonkha muli mlendo zidzatsala pa nambala yakale, ndipo kuzilumikiza mutakalamba ndi chintchito. Kawauzeni a kuofesi ya antchito kumene mumagwira kuti asinthe zimene analemba pa nambala yomweyo. Iwonso zidzawakomera, chifukwa simudzawerengedwanso pa chiwerengero cha alendo amene lamulo limalola kampani kulemba. Banki, layisensi yoyendetsera galimoto ku INATRO, ndi nambala ya foni imene ili ndi M-Pesa kapena e-Mola ndi zongopita ndi BI n'kusinthitsa.

Nkhani ya malo simunaifunse, koma ndikuona kuti ndi imene unzika wasintha kwambiri. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT. Mlendo amaupeza pokhapokha ali ndi ntchito ya chitukuko yovomerezeka ndipo wakhala m'dziko zaka 5, pamene nzika imaupeza ngakhale potsata mwambo wa m'mudzi kapena pogwiritsa ntchito malowo mwachilungamo kwa zaka 10. N'chifukwa chake ambiri ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu analembetsa mapoloti ndi minda ya mbatata m'dzina la akazi awo kapena alamu awo. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, poloti la m'tauni mukafunse ku Conselho Municipal, khonsolo ya tauni ya Ulongué, koma munda umene munapatsidwa ndi akuchikazi musauthamangitsire ku ofesi musanakhale pansi ndi eni mbumba ndi amfumu. BI yatsopano sisintha mwini munda wa makolo, ndipo mkamwini amene waiwala zimenezi amadzipalira mlandu.

Za ana, ngati mayi awo ndi mbadwa ya Mozambique, iwo ndi nzika kale ndipo chofunika ndi kuona kuti dzina lanu pa mapepala awo likufanana ndi la pa BI yanu. Ngati muli ndi ana ena obadwira ku Malawi amene sanakwane zaka 18 ndipo sali pabanja, malamulo aakulu a dziko a 2004 amalola kuti alandire unzika kudzera mwa inu, choncho musadikire kuti akule. Malamulo omwewo amakulolani kuvota mukalembetsa kwa a STAE, oyendetsa chisankho, nthawi ya kalembera, koma wolandira unzika sangakhale phungu, nduna, kazembe kapena msilikali wa ntchito yokhazikika.

Mbali ya ku Malawi musaisiye lende. Nyumba ya malamulo ya kumeneko inasintha lamulo kumapeto kwa 2018 kuti mbadwa ya Malawi ithe kukhala ndi unzika wa mayiko awiri, koma pali ndondomeko yodziwitsa a Immigration, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi mu mzinda wa Tete ingakufotokozereni. Boma la Mozambique, inu muli m'dziko muno, limakuwerengani ngati nzika yake yokha. Choncho podutsa pa chipata cha m'malire cha Calómuè kapena cha Zóbuè, tulukani ndi kulowanso ndi pasipoti ya Mozambique, kuti zidindo zotulukira ndi zolowera zikhale m'buku limodzi.