Za mafilimu atsopano otchuka: luso lakula, koma nkhani ikutsalira

Achimwene, munafunsa ngati mafilimu otchuka amene akutuluka zaka zino ndi abwino kuposa akale, kapena angodzadza ndi zithunzi za pa kompyuta zopanda nkhani, ndiponso ngati n'koyenera kuwonongerapo bandulo. Mayankho amene ndaona pansi pa uthenga wanu agawika pawiri, ena akuti zatsopano zonse n'zachabechabe, ena akuti odandaulawo akungolira ubwana wawo. Ine ndikuona kuti mafilimu a masiku ano ali ndi luso lalikulu pa kajambulidwe ndi kamvekedwe ka mawu, koma ambiri mwa iwo ndi ofooka pa nkhani, ndipo mmene ife a kuno ku Lilongwe timawaonera zimachititsa kuti mphamvu yawoyo itayike, kufooka kwawo n'kutsala poyera.

Pa luso palibe angatsutse. Pojambula Top Gun: Maverick, imene inatuluka mu 2022, ochita sewero anakwezedwa m'ndege zenizeni zankhondo makamera ali momwemo, ndipo kukwinyika kwa nkhope zawo ndegeyo ikatembenuka si kwa kompyuta ayi, n'chifukwa chake woonera amamva mtima kugunda ngati nayenso ali m'mwambamo. Avatar: The Way of Water ya James Cameron, ya chaka chomwecho, inapanga madola oposa 2 biliyoni makamaka chifukwa cha mmene inaonetsera madzi ndi zamoyo za m'nyanja. Dune: Part Two ya 2024 inatenga mchenga wa m'chipululu ndi phokoso la mphepo n'kuzisandutsa chinthu choopsa ndi chokongola nthawi imodzi. Zinthu zoterezi sizikanatheka m'zaka zimene tinkaonera mafilimu a nkhonya ndi karate pa matepi.

Koma zonsezi zinapangidwira chinsalu chachikulu cha m'holo ya kanema ndi masipika ozungulira chipinda chonse. Ambiri a ife timaonera pa foni m'minibasi yochokera ku Area 25 kulowa m'tauni, kapena pa TV ya pabalaza, filimuyo itakopedwa pa fulashi ndipo itapanikizidwa kuti isadye malo ambiri. Apa ndi pamene vuto limaonekera. Opanga mafilimu atsopano amakonda mdima kwambiri, moti zochitika za usiku zimangooneka ngati chinsalu chakuda, ngakhale mutatseka makatani ndi kukweza kuwala kwa foni mpaka pamapeto. Mawu a anthu olankhulana amakhala otsika, mumakweza voliyumu kuti mumve, kenako bomba likaphulika mwana wogona kuchipinda amadzidzimuka. Kukongola kuja kukachoka motere, chimene chimatsala ndi nkhani yokha, ndipo mafilimu ambiri otchuka alibe nkhani yokwanira kuima payokha.

Chifukwa chake chachikulu ndi ndalama. Filimu yaikulu ya ku Hollywood masiku ano imatha kudya madola oposa 200 miliyoni isanayambe n'kulengezedwa komwe, ndipo kampani imene yaika chuma chotere imaopa kuyesa chachilendo. Imasankha dzina limene anthu akulidziwa kale. Mukayang'ana mafilimu khumi amene anapanga ndalama zambiri padziko lonse mu 2024, pafupifupi onse anali opitiriza nkhani zakale kapena otengedwa ku zinthu zotchuka kale, monga Inside Out 2, Deadpool & Wolverine ndi Moana 2. Sindikunena kuti gawo lachiwiri la nkhani limakhala loipa nthawi zonse, pakuti Inside Out 2 inafotokoza bwino nkhawa za mtsikana amene akukula. Chimene chimandipweteka n'chakuti filimu zambiri zoterezi sizitha, zimangokonzera njira ina yobwera, ndipo kuti mumvetse imodzi mumafunika mutaonera zina zisanu. The Marvels ya 2023 inagwa pa chifukwa chonga chimenechi: munthu amene sanatsatire masewero a pa TV a kampani ya Marvel, imene inapanga filimuyi, ankasochera, ndipo filimuyo inapanga ndalama zochepa kuposa ina iliyonse m'gulu la mafilimu olumikizana a kampaniyo.

Si mwangozi kuti chaka chomwecho cha 2023 olemba nkhani za mafilimu ku America ananyanyala ntchito kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo ochita sewero anawatsatira kuyambira Julayi mpaka Novembala. Ankadandaula za malipiro ochepa ochokera ku makampani oonetsa mafilimu pa intaneti, komanso za mantha akuti AI, nzeru zopangidwa za pa kompyuta, iwalanda ntchito. Munthu amene amalemba nkhani akakhala wonyozeka pa kampani, zotsatira zake zimaoneka pa chinsalu.

Amene munakulira m'mavidiyo sho a ku Kawale kapena ku Mchesi mukudziwa muyeso wabwino wa zimenezi, womwe ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Filimu ikakhala ndi nkhani, womasulira amangoitsatira, n'kumatiuza kuti uyu wapereka mnzake, uyo akubwezera imfa ya bambo ake, ndipo ana pabenchi amakhala chete. Ikakhala yopanda nkhani, womasulirayo amayamba kudzaza mpata ndi nthabwala zake, kupatsa anthu mayina a m'mudzi ndi kuseka zovala zawo, chifukwa kwa mphindi makumi awiri palibe chikuchitika kupatula nyumba kugwa. Mafilimu angapo a ngwazi zouluka amene atuluka posachedwapa ali m'gulu lachiwirili.

Komabe ndikukana mawu akuti zabwino zinatha. Oppenheimer ya Christopher Nolan, ya 2023, ndi ya maola atatu, ndipo mbali yake yaikulu ndi anthu akukambirana m'zipinda za kupanga bomba la atomiki ndi mlandu umene unatsalira mumtima mwa wolipangayo, koma anthu anakhamukira kukaiona ndipo inapata mphoto 7 za Oscar mu 2024. Godzilla Minus One ya ku Japan inapangidwa ndi madola osapitirira 15 miliyoni, n'kupambana mphoto ya Oscar ya zithunzi zopangidwa mwaluso, kuposa mafilimu amene anadya ndalama zochuluka kwambiri, ndipo chimene chimaigwira ndi nkhani ya woyendetsa ndege amene akuvutika ndi manyazi atapulumuka kunkhondo. Sinners ya Ryan Coogler, ya 2025, ndi nkhani yatsopano yosapitiriza china chilichonse, yochitikira ku Mississippi ku America mu 1932, ndipo inayenda bwino pamsika. Mafilimu atatuwa ndi amene ndingakuuzeni kuti muwonongerepo bandulo, chifukwa amagwirabe mtima ngakhale pa foni, makamaka mukayatsa mawu olembedwa pansi ndi kuvala mahedifoni.

Pali chinanso chimene ife sitiyenera kuchinyalanyaza, ndicho mmene mafilimu akuluakuluwa amaonetsera Africa. Black Panther inagwiritsa ntchito chilankhulo cha Chixhosa ndipo inapatsa achinyamata athu kunyada, koma Wakanda, kumene nkhaniyo ikuchitikira, ndi dziko lopeka. The Woman King ya 2022 inakamba za asilikali achikazi enieni a ufumu wa Dahomey wa kumadzulo kwa Africa, koma ambiri anaidzudzula kuti inafewetsa mbali imene ufumuwo unatenga pa malonda a akapolo. Ngakhale The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yokamba za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, imene inajambulidwa kuno kwathu ndipo ndi yogwira mtima ndithu, Chichewa cha ena mwa ochita sewero otsogola chimamveka chachilendo m'khutu la Mmalawi. Ngati mukufuna nkhani yolukidwa ndi munthu amene amadziwa misewu yathu, funani The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ya 2017, yokamba za moyo wa amayi awiri oyendayenda mu mzinda wa Blantyre, muione motsatana ndi imodzi mwa zazikuluzo, kenako mudzatiuze m'gulu muno imene mwaikumbukabe pakatha sabata.